Kabowo Kamene Mayi Epton Anatseka

Ku Kelsby kwathu kuno, ukafunsa za Mayi Hilda Epton, aliyense amayamba ndi kukuuza kuti mayiwa ankadana ndi chibowo pa chovala. Sikunali kudana kwa masewera ayi. Ukakumana nawo pamsewu juzi itabooka pachigongono, moni ankakupatsa maso ali pachigongonopo, ndipo usanamalize kuyankha unkangozindikira wavulidwa kale. Ngakhale abusa athu anavulidwapo mkanjo pakhomo la tchalitchi, anthu akuona, ati mpendero unkakwekwereza pansi ngati wa munthu wopanda abale.

Anabadwira m'banja la anthu olima mbatatesi m'minda ya eni, ndipo ali ndi zaka khumi ndi zitatu makolo anawapereka kwa telala wina ku Louth kuti akaphunzire ntchito. Kumeneko n'kumene anatenga luso lomwe linawatchukitsa, lotseka chibowo popanda chigamba. Ankasolola ulusi kunsi kwa mpendero wa chovala chomwecho, n'kuuluka pabowopo umodziumodzi, wina chopingasa wina chotsika, mpaka mwini chovala ankafunafuna pamene panang'ambika osapapeza. Anakwatiwa ndi Walter Epton, wosamalira akavalo pafamu, munthu wabwino koma wa chifuwa chofooka. Bamboyu anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Cyril, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo banjalo linkadya za singano.

Nkhondo itabwera, boma linatenga minda ya mbatatesi ya kuseri kwa tchalitchi n'kuthirapo simenti, pakhala bwalo la ndege. Zindege zonyamula mabomba, za mainjini anayi, zinkadutsa pamwamba pa madenga athu dzuwa likamalowa, makapu m'makabati n'kumagundana okha. Enafe tinkadandaula. Mayi Epton sanadandaule, poti bwalolo linadzaza anyamata mazanamazana, ndipo palibe mnyamata padziko pano amene amayenda wopanda chong'ambika.

Ntchito imene ankaikonda kuposa zonse inali yosokerera tinsalu ta mamendulo. Mnyamata akachita chamuna mumlengalenga, akuluakulu ankalengeza kuti wapata mendulo, koma chitsulo chenichenicho chinkadzabwera patapita miyezi. Chimene chinkavalidwa tsiku lomwelo chinali kansalu kakang'ono ka mizere yoyera ndi yapepo, yopendekera, kosokedwa pachifuwa chakumanzere pamwamba pa thumba. Anyamata ankathamangira nako kwa Mayi Epton, chifukwa akasoka okha kankakhota. Panali chinthu chimodzi chimene chinkawapsetsa mtima mayiwa. Maofesala ankalandira mtanda, ndipo kansalu kawo kanali ka mizere ikuluikulu, pamene masajeni ankalandira mendulo yozungulira, kansalu kake ka mizere ing'onoing'ono. Ndege ndi imodzi, moto ndi umodzi, imfa ndi imodzi, koma mizere yosiyana. Ankanena poyera kuti amene anaganiza zimenezo sanakwerepo ngakhale makwerero. Ndiye ka sajeni ankakasoka mosamala kwambiri, mwadala, ndipo ofesala akafika limodzi ndi sajeni, ofesalayo ndiye ankadikira.

Cyril wawo anali sajeni. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, wa diso lakuthwa chifukwa chokulira kusaka mbalame m'madambo. Diso limenelo ndilo linamukhazika kumchira kwenikweni kwa ndege, m'kachipinda kagalasi, yekhayekha ndi mfuti zinayi, kuyang'ana kumbuyo kumene adani ankadzera. Mwamwayi anamutumiza pabwalo lathu lomweli. M'ndege yawo, imene ankaitcha Nkhalamba, ankakhalamo anthu asanu ndi awiri, ndipo lamulo linali lakuti gulu likakwanitsa maulendo makumi atatu opita ku Jeremani, lipume. Ambiri sankafikako, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezi ngakhale panalibe wozitchula.

Panali chinthu china chimene chinkawasowetsa mtendere Mayi Epton. Cyril anali ndi majekete awiri, yapaphwando ndi yogwirira ntchito, ndipo yogwirira ntchitoyo inali ndi kabowo pachifuwa chakumanzere, kolowa chala chimodzi, kakuda m'mphepete. Mwana wa telala wa Kelsby kuyenda ndi kabowo pachifuwa! Nthawi zonse akatenga singano, mnyamatayo ankakumbatira jekete yake n'kunena kuti anangokodwa ndi msomali, aisiye, adzabwera nayo tsiku lina. Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa, tsiku linalo osafika.

Loweruka lina la mu Febuluwale, chaka cha 1944, Cyril anatulukira pakhomo masana, jekete yapaphwando ili pamkono. Anakhala pansi, n'kumwa tiyi, kenako anatulutsa kansalu m'thumba n'kukaika patebulo. Kanali ka mizere ing'onoing'ono. Mayi Epton anakayang'ana n'kufunsa kuti n'ka mnzake uti. Mnyamatayo anangokanda m'mutu.

"N'kanga, amayi."

Amene anawaona Mayi Epton tsiku limenelo amasimbabe. Mayi wa zaka makumi asanu, wosaseka pagulu, anatuluka ndi silipasi m'matope, kansalu kali m'mwamba, kukagogoda khomo ndi khomo. Anauza wa papositi, anauza wogulitsa nyama, anauza ngakhale nkhalamba ina yogontha ya pamphambano, kawiri konse. Nkhani yake anachita kuikoka kwa Cyril ngati dzino. Pa ulendo wa makumi awiri ndi asanu ndi atatu ndege ya adani inawazembera kumbuyo n'kuswa galasi la kachipinda kake, moto n'kubuka kumchira. Iye anaithamangitsa ndi mfuti, kenako anazima motowo ndi manja ake, n'kubwerera pampando wake mphepo yozizira ikumumenya kumaso kwa maola atatu. Anaifotokoza ngati akunena za kukonza khola la nkhuku. Ulendo wotsatira anali atapita kale n'kubwerako, ndiye kunatsala umodzi wokha.

Atadya, mnyamatayo anavula jekete yogwirira ntchito ija, anaikoleka pamsomali wa chitseko, n'kugona tulo tofa nato pampando. Mayi ake anasokerera kansalu pa jekete yapaphwando, ndipo popeza kanali katali, kanatsalako kokwanira jekete ina. Anayang'ana kotsalako, anayang'ana kuchitseko. Kabowo kaja kanali pamalo enieni pamene kansalu ka mendulo kamakhala. Mtima unawauza kuti mwana wawo sangavale ulemu wotere pachovala chobooka, ndipo kunena zoona mtimawo unali utadikira mpata umenewu miyezi isanu ndi iwiri.

Sanasokepo bwino chotero moyo wawo wonse. Mphepete mwakuda muja sanadule, poti iwo sankadula nsalu popanda chifukwa, anangopinda mkati. Anasolola ulusi kunsi kwa mpendero n'kuyamba kuluka, maulusi makumi awiri ndi awiri chopingasa, khumi ndi asanu ndi anayi chotsika. Atasita ndi nsalu yonyowa, kabowo kanali katasowa ngati sikanakhaleko. Pamwamba pake anakhazika kansalu kaja, kowongoka bwinobwino, n'kubwezera jekete pamsomali akumwetulira okha.

Cham'ma folo koloko anzake asanu ndi mmodzi aja anafika panjinga, akuimba mosagwirizana. Anabwera kudzamutenga kuti akanyowetse mendulo kubala ya Mabel Leggott, chifukwa mwambo wawo unali wothira mowa pa kansalu katsopano kuti kasamaoneke kachilendo. Patsogolo panali woyendetsa ndege, Gordon Mackie, mnyamata wamtali wa ku Canada amene onse ankamutcha Kaputeni, ndipo pambuyo pake Stan Dring, woyang'anira mainjini, wa pakamwa posatseka. Stan analowa akufuula kuti ngwazi idzuke, dziko likuifuna, ndipo ngati yayamba kunyada aikwezera panjinga chagada. Mayi Epton anadikira phokoso lichepe, kenako anatenga jekete pamsomali n'kuitambasula kuti onse aone.

Stan anatsegula pakamwa n'kufunsa kuti kabowo kaja kali kuti, koma Kaputeni anamuponda phazi. Cyril anailandira jeketeyo, anapapasa pachifuwa pake ndi chala, nkhope itayera.

"Mwasoka bwino, amayi. Zikomo."

Anawapsompsona patsaya, n'kutuluka. Panjinga paja panalibenso woimba. Mayi Epton anaima pakhomo osamvetsa chimene alakwa, ndipo chimwemwe chonse chija chinayamba kuwawa.

M'mawa mwake, anthu asanapite kutchalitchi, Mabel Leggott anafika ali wefuwefu, epuloni ili m'chiuno. Anali mnzawo wa Mayi Epton kuyambira kusukulu, ndipo sankadziwa kuzungulira nkhani. Anati anyamata aja dzulo anakhala ngati ali pamaliro, mowa osautha. Kabowo kaja sikanali ka msomali. Pa ulendo wawo woyamba, kachitsulo ka bomba la adani kanaboola ndege, kanaboola jekete, n'kukaima pa kachitini ka fodya kamene kanali m'thumba la shati, pamtima penipeni.

"Ka fodya? Cyril amasuta?" anafunsa Mayi Epton.

"Iwe Hilda, ndikukuuza kuti mwana wako anatsala pang'ono kufa, iwe ukufunsa za fodya?"

Pamenepo m'pamene mawuwo anawalowa, ndipo anakhala pansi. Mabel anapitiriza. Kuyambira ulendo umenewo, asanakwere ndege, onse asanu ndi awiri ankapisa chala m'kabowoko, mmodzimmodzi, Kaputeni poyamba, Cyril pomalizira. Anachita zimenezo maulendo makumi awiri ndi asanu ndi atatu, n'kubwerako onse. Anyamata a m'ndegezi anali otero. Wina sankachapa sikafu, wina ankakwera ndi phazi lomwelomwelo, ndipo amene akufuna kuwaseka ayambe wakwera kaye ndegeyo. Kubala kuja wina anati angoboola pena ndi mpeni, koma anzake anakana kuti bowo lochita kuboola dala si lomwelo. Stan anayesa kusuzumira kunsi kwa jekete kuti apeze ulusi watsopano ausolole, koma sanaone kusiyana kulikonse. Kenako Cyril, amene sanakwezepo mawu chibadwire, anaimirira n'kunena kuti wokhudza ulusi wa mayi ake atola mano pansi.

"Ndipo tamva kunjaku," anatero Mabel.

Kubwalo kuja mainjini anali akulira, ndege imodzi ikatha ina n'kuyamba. Mwana aliyense wa ku Kelsby ankadziwa tanthauzo lake. Akamayesa mainjini m'mawa, magalimoto a mafuta n'kumazungulira, ndiye kuti madzulo kuli ulendo, ndipo tsiku lotero zipata zinkatsekedwa, osalowa munthu, osatuluka munthu, lamya osagwira.

Tsiku limenelo Mayi Epton sanapite kutchalitchi, koyamba chimwalirire Walter. Sankakhulupirira zoti kabowo kangagwire ndege m'mwamba, ndipo akanakhala masiku ena akanawakalipira anyamatawo. Koma ankadziwa chimene chimachitika ndi dzanja la munthu amene mtima wake wakayika, chifukwa anaonapo ophunzira ntchito akudzibaya ndi singano pongoopa telala. Anyamata asanu ndi awiri anali kukakwera ndege akudziona ngati akufa kale, ndipo anachititsa ndi iwo. Anaika m'chikwama sizasi yaing'ono, singano ndi mandala, n'kukhala pampando kudikira dzuwa lipendeke.

Pachipata sanayesere n'komwe. Anadzera kamsewu ka mathirakitala kozungulira bwalo, kumene Nkhalamba inkaima pafupi ndi mpanda wa minga, ndipo njinga anaipalasa mwakuti agalu a pafamu anaitaya panjira. Anawapeza anyamatawo atangotsika m'lole, atakhala pa udzu kunsi kwa phiko, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Cyril anali asanavale chovala chake chochindikala cha kumchira, poti chimenecho ankavala pomalizira kuopa thukuta, limene limauma n'kukhala ayezi m'mwambamo.

"Iwe Cyril, bwera nayo kuno jeketeyo."

Onse anadzidzimuka. Msilikali wolondera anayamba kuyandikira akunena kuti pano saloleza anthu wamba, koma Kaputeni anamuuza kuti akaone ngati mbali inayo kuli bwino, ndipo asafulumire kubwerako. Cyril anafika pampanda akuti amayi, musavutike, palibe kanthu. Mayi ake anamuuza kuti bodza limodzi la msomali lija lakwana, avule. Jekete inadutsa pamwamba pa minga. Kaputeni anayang'ana wotchi n'kunena mwaulemu kuti ali ndi mphindi makumi awiri.

Mayi Epton anakhala pamtengo wogwa, jekete pamaondo. Kansalu kanachoka mosavuta, ndipo anakaika m'thumba la chikhoti chawo. Vuto linali pansi pake. Ulusi unali wa nsalu yomweyo, mtundu womwewo, kuwala kunali kukutha, ndipo ngakhale ndi mandala sanaone pamene ntchito yawo inayambira. Anali atasoka bwino mopitirira. Ndege ya pafupi inaliza injini yoyamba, udzu wonse n'kugona, ndipo mitu isanu ndi iwiri inali itandandalika pampanda, maso onse pa manja awo. Stan anayamba kunena kuti mwina cha kumanzere pang'ono. Mayi Epton anamuuza kuti iye akasamale mainjini ake, iwo sanamuphunzitsepo ntchito.

Kenako anavula mandala aja, anauzira mpweya zala kuti zifunde, n'kutsinzina. Telala wa ku Louth ankanena kuti dzanja la Hilda limakoka ulusi molimba pang'ono kuposa makina, ndipo ankawakalipira nazo. Anayendetsa nsonga ya chala pansaluyo pang'onopang'ono, mpaka anamva kamalo kolimbirako, kakang'ono ngati batani. Analowetsa singano, n'kunyamula ulusi umodzi, n'kukoka. Unatuluka wonse.

"Umodzi," anatero Stan.

Pofika wachisanu onse anali akuwerenga mokweza, ndi amakaniko omwe amene anasiya ntchito kudzaonerera. Wa chopingasa unatha pa makumi awiri ndi awiri, monga mmene mayiwo anaulukira, ndipo anyamata anakuwa ngati ku mpira. Wa chotsika unkangosololoka wokha. Ndege ziwiri zinali zitayamba kale kuyenda kulowera kumsewu wonyamukira, Kaputeni wotchi ili m'manja koma osaiyang'ananso. Ulusi womaliza utachoka, Mayi Epton anapindula mphepete muja ndi nsonga ya singano, ndipo kabowo kanabwerera mmene kanalili, kozungulira, kakuda m'mbali, kolowa chala chimodzi. Stan anavula chipewa n'kunena kuti nkhondo ikatha akwatira mayi ameneyu, Cyril afune asafune azimutcha bambo.

Cyril anavala jekete, ndipo anayamba mwambo wawo pomwepo pampanda, akukankhana ndi kuseka ngati ana otuluka kusukulu. Kaputeni anapisa chala, enawo n'kutsatira, mwini wake pomalizira. Mayi Epton anali asanakaonepo kabowoko kali pathupi la mwana wawo iwo akudziwa chimene chinakaboola. Dzanja lawo linanyamuka lokha kudutsa paminga. Stan analigwira mofatsa, nthabwala zonse zitamuthera.

"Pepani mayi, zala zimakhala zisanu ndi ziwiri basi. Sitinasinthepo."

Mayi Epton anabweza dzanja. Cyril anafunsa za kansalu kaja, ndipo iwo anagwira thumba la chikhoti.

"Kali kuno. Ine sindiperekeza ntchito kwa munthu. Ukakafuna, udzakatenge wekha kunyumba mawa."

Anaima pomwepo mpaka Nkhalamba inadutsa, ikugwedeza nthaka, ndipo kumchira kuja mfuti zinayi zinaweramira pansi n'kudzukanso. Umenewo unali moni wa Cyril.

Kutacha, theka la mudzi linali pampanda womwewo, chifukwa Mabel sankasunga nkhani. Zinanyamuka ndege khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo anthu ankawerenga zobwera. Zitafika khumi ndi zisanu, kumwamba kunakhala chete nthawi yaitali, ndipo Nkhalamba panalibe. Mayi Epton anali chilili, dzanja lili m'thumba, atafumbata kansalu kaja. Kenako kunamveka kulira kwina kotsimphina, ndipo Nkhalamba inatulukira pamwamba pa nsanja ya tchalitchi, injini imodzi itaima, phiko lili zibowo zokhazokha. Mabel analumpha n'kugwera m'ngalande. Wogulitsa nyama anaponya chipewa m'mwamba, chinakakodwa paminga, ndipo chinakhala pomwepo mpaka chilimwe. Ndege ziwiri zotsalazo sizinabwere, ndipo mmodzi wa anyamata a mmenemo anali atasokeredwa kansalu ndi Mayi Epton sabata yomweyo.

Mayiwa anakhala ndi moyo mpaka zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, akuvulabe anthu majuzi pamsewu. Mendulo yeniyeni itabwera anaiika m'kabati ya makapu, ndipo sankaitulutsa kawirikawiri. Chimene ankakonda kusimba chinali cha m'mawa umenewo, cham'ma teni, pamene njinga zisanu ndi ziwiri zinaima pakhomo pawo, anyamata maso ali psuu ndi tulo, akununkha mafuta, akuimbanso mosagwirizana.

Mayi Epton anamuuza Cyril kuti aime mowongoka, asavule jekete yogwirira ntchito ija. Atatenga singano, onse anasiya kupuma. Kansalu anakasokerera chakumtunda kwa kabowo, osakatseka, chala chimodzi kupitirira pamene malamulo amanena, ndipo anati ofesala amene zimuwawe abwere adzawafunse. Ataluma ulusi anayang'ana Stan.

"Maulendo anu aja akwana?"

"Akwana, mayi. Makumi atatu."

Mayi Epton anapisa chala m'kabowo kaja. Chinagunda kachitini kopindika, ndipo kuseri kwake anamva mtima wa mwana wawo ukugunda. Anakhala choncho kanthawi, misozi ikutsika, osaipukuta.

"Fodyayo usiye," anatero. "Koma kachitinika usataye."